Pepala la Bambo Linagona pa Mvula

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi, mvula ikumenya zenera. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona pabalaza, ena atafunda majekete. Tinali m'nyumba ya bambo anga aang'ono ku Tottenham, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo tsikulo tinkawaika m'manda.

Malemuwo ankatolera mapepala osainidwa ndi asilikali a nkhondo zomenyera ufulu. Ena anali akalekale, a ku America, ogula pa okushoni. Tinkawaseka kuti anakwatira mapepala. Koma m'bokosi lina munali pepala limene bambo anga ondibala anasaina polowa nkhondo ya ku Mozambique, ine ndili wakhanda. Sanabwerereko. Chimene dzanja lawo linandisiyira chinali siginecha imeneyo basi.

Nditasuzumira kuseri kwa nyumba, ndinaona katundu yense ali pa mvula. Dzulo lake abambo a kutchalitchi anali atatulutsa katundu, monga timachitira kwathu, kuti anamfedwa apeze pokhala. Mipando anaifunditsa pulasitiki. Mabokosi a mapepala aja anangowaponyera chitenje.

Nditagwira chitseko, azakhali anandikoka mkono.

"Mukupita kuti? Mwini wake sanalowe m'manda, inu mwayamba kale za katundu? Anthu ati chiyani?"

Ndinabwerera n'kukhala pansi. Ndinaopa pakamwa pa anthu, ndipo mpaka lero ndimadzida.

Kukhitchini mbaula zonse zinayaka, fungo la nkhuku lili ponseponse. Anthu anafika, a ku Croydon, a ku Ilford, maambulera akudontha pakhomo. Ana obadwira kuno ankagwada bwinobwino koma n'kuyankha moni m'Chingerezi. Titachoka kutchalitchi tinalondola galimoto yamaliro pang'onopang'ono, mabasi akutidutsa. Kumanda dothi linali phala. Ogwira ntchito kumeneko ankangoyang'ana wotchi pamene amuna akwathu anaumirira kukwirira okha ndi mafosholo. Ndinalira kwambiri, ndipo anthu ankaganiza kuti ndikulira munthu mmodzi.

Madzulo, onse atabalalika, ndinalowetsa mabokosi. Mapepala a akuluakulu a nkhondo a ku America anali ouma, lililonse m'kathumba kake kapulasitiki. La bambo linalibe kathumba. Malemuwo ankalitulutsa kawirikawiri kuti aligwire ndi manja, poti linali la mkulu wawo.

Ndinalitambasula pa hita yotenthetsera m'nyumba. Pamene panali dzina panangotsala banga labuluu. Ndinakhala pomwepo, m'nyumba muli zii, mpaka linauma.