Zotsala za Mlombwa

Pamwamba pa kabati m'chipinda changa chochezera pali sitima yapamadzi yamatabwa, yaitali ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Ilibe matanga. Milongoti yake iwiri yangoima njo, ulusi ukulendewera, ndipo fumbi ndimachotsa ndi nthenga ya nkhuku chifukwa nsalu imakola. Alendo amafunsa kuti ndinaigula kuti, ena amati bwanji osaimaliza. Ndimayankha kuti ndidzamaliza, kenako n'kuwafunsa ngati amwa tiyi. Amene ali ndi maso amaona kuti matabwa ake ndi amitundu iwiri. M'mbali ndi paini wotuwa wa mapaleti osanjikirapo katundu, koma pamwamba, poyenda anthu, ndi mlombwa wofiira.

Ndinaipanga ndili mtsikana wa zaka khumi, ku Gaborone, chaka chimene damu la mzindawo linaphwa mpaka matope kung'ambikang'ambika. Ine ndi amayi tinkakhala ku Block 8, m'kanyumba ka kuseri kwa adona ena ogwira ntchito m'boma. Amayi ankachapa, kusita ndi kulera ana a adonawo. Za bambo musandifunse, sindinawaonepo. Ndinabadwira komweko, ndipo Chitswana chinkatsogola pakamwa panga. Amayi akandiitana ndinkayankha kuti "Mma?" iwo n'kutsonya. Kumalawi ndinkangokumva ngati dzina la malo kumene anthu amatumizako mabulangete.

Chifuwa chinawayamba mu Juni, nthawi imene kuzizira kwa kumeneko kumang'amba milomo. Poyamba ankakhosomola m'mawa mokha. Kenako anayamba kupumira pakati posita malaya, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Madiresi anayamba kuwakulira. Dzina la matendawo palibe anandiuza, koma zaka zimenezo aliyense ankalidziwa, ngakhale agalu. Mankhwala otalikitsa moyo anali atafika kale m'dzikomo, aulere, koma anali a eni dziko okha. Amayi analera ana a eni dzikowo, kuwasambitsa, kuwabereka kumsana, koma analibe chitupa choyenera. Ndakula, ndamva zifukwa zake zonse, ndipo zina n'zomveka. Komabe zimandiwawa mpaka lero, sindibisa.

Amalume, achimwene awo a amayi, anali kalipentala ku Mogoditshane. Anali ndi shedi yamalata kumene ankakhoma mabedi ndi makabati, ndipo kuchipinda chakumbuyo ankakhoma mabokosi a Amalawi omwalira, oti akaikidwe kumudzi. Zaka zimenezo chipinda chakumbuyocho ndi chimene chinkadyetsa shedi yonse. Ndinkadziwa zimenezi, koma kwa ine maliro anali a anthu ena.

Tsiku lina iwo ndi amayi anagwirizana kuti ndikaweruka kusukulu ndizikwera kombi kupita kushedi, ndizibwera kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinanyanyala, ndinkati akundithamangitsa. Ndipo ankandithamangitsadi, kuti ndisamapume mpweya wa m'kachipinda kaja tsiku lonse, koma panalibe wondifotokozera. Masiku oyamba ndinkangokhala pa chitini cha penti, tsinya lili pamphumi, kumenya zidendene pachitinipo mpaka amalume anatopa nalo phokosolo. Anatsitsa padenga pepala lalikulu lopindapinda, lachikasu ndi ukalamba. Analitenga kwa mzungu wina wokalamba wa ku Mokolodi amene anamugwirirapo ntchito ya m'munda, yemwe ankapanga sitima zazing'ono pakhonde pake. Pa pepalapo panali sitima yojambulidwa mbali zonse, ngati nkhuku yoduladula.

"Manja osagwira ntchito amanunkha," anatero. "Tenga sowo."

Ine sitima ndinali ndisanaionepo, ngakhale bwato. Madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a m'bafa la adona.

Tinayamba ndi msana, thabwa limodzi lopyapyala loyenda kuchokera kumphuno mpaka kumatako a sitimayo. Ndinalijambula pothira pepala pamwamba, n'kulidula ndi kasowo kakang'ono kamene kankanditupitsa chala. Pa msanapo ndinasema mipata yolowetsamo nthiti. Nthiti iliyonse inkayenera kuima chilili, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo poyezera tinkagwiritsa ntchito kabokosi ka machesi: ukakagunditsa pakona, pasaoneke kuwala. Nthiti yachitatu ndinaimata mopendekeka, ndinaona ndithu, koma ndinati palibe adziwe. Amalume anaisiya mpaka guluu anauma gwa. Mawa lake anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi ndiyang'ane kuchokera kumphuno. Inali yatulukira pambali ngati dzino lophana. Anaithyola pamaso panga, ndipo ndinalira mamina tolotolo, kuwatukwana mu Chitswana chapansipansi.

Kenako kunabwera kupala. Aa, kupala! Milungu yathunthu ndikukwecha m'mphepete mwa nthitizo ndi sandipepala womata pa kamtengo, kuti timatabwa ta m'mbali tidzagone bwino osasiya mpata. Utuchi wa paini unkalowa m'mphuno, m'tsitsi, m'makutu. Malata ankalira ndi mphepo ya Ogasiti. Amalume ankangodutsa, n'kuyendetsa chala pa nthitizo, n'kunena mawu amodzi omwewo: "Sizinathe."

Timatabwa ta m'mbalito anandichekera okha pa makina, topyapyala ngati chikuto cha buku. Koyamba ndinafuna kukapinda kali kouma, kanangoti thyo. Kachiwiri chimodzimodzi. "Thabwa silikakamizidwa, limanyengereredwa," anatero amalume, ndipo anandionetsa paipi yotseka mbali imodzi, yothiramo madzi otentha a m'ketulo. Timatabwa tinkaviikidwa mmenemo mpaka tifewe, kenako n'kutikulunga pang'onopang'ono pa chitini cha khofi. Madzi chaka chimenecho anali ngati mafuta. Kuthirira maluwa kunaletsedwa, kapinga wa adona anapsa yense, ndipo anthu ankati "pula", kuitana mvula, akuyang'ana kumwamba kopanda kanthu. Choncho madzi a m'paipi muja tinkawabwezera m'ketulo tsiku ndi tsiku mpaka anada ngati tiyi.

Lamulo lina linali loti ukamata thabwa kumanja, lotsatira umate kumanzere, apo ayi sitima ipotoka guluu akamauma. Kumphuno thabwa lililonse linkayenera kusongoledwa ndi lezala kuti onse akwanepo. Zogwirira pomata zinali mapegi a zovala, amene amayi anandipatsa okha. Anati sakuwafunanso kwenikweni, poti adona anali atapeza mtsikana wina wochapa.

Madzulo ndinkabwera nayo kunyumba m'katoni kudzawaonetsa. Ankagona pa matiresi pansi, moyang'ana kukhomo. M'chipindamo munkamveka fungo la mafuta opaka pachifuwa ndi la phala losadyedwa. Ankaitenga ndi manja awiri, n'kuitembenuza, ndipo zala zawo zinali zitatalika modabwitsa. Anandiuza kuti ali mtsikana anakwerapo sitima yeniyeni panyanja, ndipo anasanza ulendo wonse. Tinaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Chimene ankafuna chinali kupita kwawo akadali ndi mpweya. Ndinkawamva akuwachonderera amalume Lamlungu lililonse: "Achimwene, ndikafere pakhomo pa amayi." Amalume ankati adikire apezeko mphamvu kaye, chifukwa ulendo wa basi wodutsa malire awiri sakanaupirira. Mphamvuzo sizinkabwera. Ndiye tsiku lina, ine nditafunsa kuti tipita liti, amayi anagogoda sitimayo ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Ukamaliza iyi, tinyamuka."

Mwina anangofuna kuti ndisiye kufunsa. Koma mwana ukamuuza zotero wamusenzetsa mwala. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhulupirira kuti amene akuchedwetsa ulendo wa amayi ndine. Ndinasiya kusewera ndi anzanga. M'kalasi ndinkajambula nthiti m'mphepete mwa makope mpaka aphunzitsi anandikwapula m'manja, n'kundifunsa kuti sitimayo ndikaiyendetsa pa mchenga uti. Kushedi ndinkathamangitsa ntchito, matabwa n'kumathyoka, amalume n'kumati, "Kuthamanga sikufika."

Mbali zonse ziwiri zitatsekedwa panatsala pamwamba. Apa mpamene ndinayamba kuvuta. Pakona ya shediyo panali matabwa aatali, okhuthala, ofunditsidwa pulasitiki yakuda. Amalume anawagula kwa dalaivala wina wa ku Zambia chakumayambiriro kwa nyengo yozizira ija, ndipo sankawakhudza. Mabokosi onse a kuchipinda chakumbuyo anali a paini kapena chipibodi, opakidwa utoto kuti aoneke odula. Awa anali ena. Nditasuzumira pansi pa pulasitikiyo ndinaona kufiira kwake, ndi mizere yoyenda ngati madzi, ndipo paini wanga anandinyansa pomwepo. Ndinkafuna amayi akwere sitima yokongola.

Ndinapempha kachidutswa. Anakana. Ndinapemphanso mawa lake, ndi mkuja, ndikulira, ndikunyengerera, ndikuwaphikira tiyi. "Matabwa amenewo ali ndi ntchito yake," ankatero. Tsiku lina anandipeza nditaika sowo pakona ya thabwa limodzi, ndipo anandimenya padzanja, kamodzi kokha m'moyo wanga wonse. Atatero anakhala pansi, akupuma ngati athamanga. "Walira mvula walira matope, iwe mwana," anatero. Ine, pakamwa panga posadziwa kutseka, ndinawayankha kuti mvulayo ili kuti.

Okutobala anafika ndi kutentha kosungunula phula mumsewu. Amayi anasiya kudzuka. Adona, amene sindingawanenere zoipa, ankabweretsa msuzi okha n'kuima pakhomo, "Dumela, mma," koma osalowa.

Masana ena nditatsika kombi ndinamva fungo lachilendo ndisanafike pakhomo la shedi. Silinali la paini. Linali lonunkhira, lotsekemera pang'ono, loyabwa kummero. Pansi ponse panali utuchi wofiira. Pulasitiki yakuda ija inali yopindidwa bwinobwino pakona, pansi pake popanda kanthu, ndipo chitseko cha chipinda chakumbuyo chinali chokhoma. Pa benchi yanga panali mulu wa tizidutswa ta mlombwa, tina tatitali ngati dzanja, tina tochekedwa kale mopyapyala.

Mayo ine, mmene ndinavinira! Ndinadumphadumpha, ndinawakumbatira amalume m'chiuno ndikuwathokoza, "Ke a leboga, ke a leboga," kuiwala ndi Chichewa chomwe. Iwo anangoima, manja ali lende. Maso awo anali ofiira, ndipo anati ndi utuchi.

Anandiphunzitsa kudula timatabwato mofanana, ndi kudetsa m'mphepete mwa kalikonse ndi pensulo kuti tikagundana pazioneka mzere wakuda ngati pa sitima yeniyeni. Mlombwa ndi wolimba, umabunthitsa lezala msanga, koma ukaupala umasalala ngati tsaya la khanda. Sabata imeneyo sananene kuti sizinathe ngakhale kamodzi. Chilichonse chimene ndinkachita ankangogwedeza mutu.

Nditamata kotsiriza ndinathamanga nayo kunyumba guluu asanaume n'komwe. Amayi sanathe kuinyamula, choncho ndinaiika pachifuwa pawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaweramitsa mutu n'kununkhiza. Bambo awo anali ocheka matabwa, ndipo fungo limenelo anakula nalo.

"Akupatsa amalume ako?"

"Eya. Akuti ndi zotsala."

"Zotsala," anabwereza. Anayendetsa chala pamwamba pake, kupita ndi kubwera. Panja mtsikana watsopano uja ankakolopa khonde. Ndinadikira kuti anditamande, ndipo ndinayamba kukwiya kuti akuchedwa.

"Ndi mtengo wabwino," anatero potsiriza. "Chiswe sichiudya. Ukawauze achimwene kuti ndaona, ndipo ndathokoza."

Ndinakapereka uthengawo mawa lake, mwamsangamsanga, chifukwa ndinkafuna andionetse kasongoledwe ka milongoti. Amalume anaika hamala pansi, anatuluka, n'kukaima kuseri kwa shedi moyang'ana mpanda. Ndinawaitana kangapo. Ndinaganiza kuti anthu akuluakulu ndi aulesi.

Milongoti ndinaimika, ulusi ndinaupaka kandulo kuti usachite ubweya. Panatsala matanga okha, ndipo amayi anali atalonjeza kundipatsa mpango wawo woyera. Anamwalira Lachitatu ndili kusukulu.

Za masiku otsatira ndimakumbukira zochepa: azimayi a kutchalitchi atadzaza bwalo la adona, nyimbo, minibasi yokoka ngolo. Pamene anthu ankakwera ndinawagwira amalume malaya n'kuwauza kuti sitingapite, sitima sinathe. Anandinyamula ngati thumba n'kundikhazika pampando wakumbuyo, katoni yanga pamiyendo.

Pa malire oyamba tinatsika tonse, ndipo amuna anavundukula lona ya pangolo kuti a boma aone. Ndi pamene ndinaliona bwino bokosilo, padzuwa. Linali lofiira, losalala, mizere yake ikuyenda ngati madzi, lopanda utoto ngakhale dontho. Ndinatulutsa sitima m'katoni n'kuigunditsa pambali pake. Zinali zofanana ndendende, mpaka kamzere kakuda kamene kanathera pakona ya bokosilo kankapitirira pa sitima yanga. Mayi wina anatembenuka n'kubisa nkhope mu chitenje.

Pakati pa chisoni chonsecho mtima wanga unatenthako pang'ono, ndipo ndinanyada. Ndinaganiza kuti amalume anaona mmene amayi anaikondera sitima yanga, ndiye anatengera mtundu wake kuti awasangalatse. Ndinapita pamene anaima, m'mbali mwa msewu, n'kuwagwira dzanja.

"Amalume, zikomo potengera yanga," ndinatero.

Anandifinya dzanja mpaka linawawa, osandiyang'ana. Ine ndinabwerera kukakhala pampando wanga, ndikuganiza kuti mpango wa matanga uja ndikaupempha kwa ndani.