Njinga inanyamula atate

Mdzukulu wanga wa ku Chipata amabwera chaka chilichonse chisanu chisanayambe, kudzanditenga kuti ndikabayitse katemera wa chimfine. Akuti chimfinecho chimasintha, ndiye jakisoni wa chaka chatha sakwanira. Ine ndimapita, sindivuta. Koma ndikamufunsa ngati iye wabayitsa, amaseka. "Agogo, zimenezo n'za inu okalamba ndi makanda. Ine taonani mikonoyi." Ndimamuuza kuti abayitse, iye, mkazi wake ndi ana omwe, chifukwa mawu akewo ndinawanenapo ine ndili namwali.

Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akadali Fort Jameson, ife tikukhala kumudzi cha ku Kasenengwa. Katemera tinkadziwa wa nthomba yekha, wotema pamkono uja, chipsera chake ndikadali nacho. Amuna ambiri anali kumigodi, alamu anga nawonso, ndiye munda wonse unali m'manja mwa akulu anga, amene ndinawapondera pamutu. Anali ndi mwana wa kubere, koma thumba la nshawa ankasenza okha. Nshawa zake zinali chalimbana zikuluzikulu zija, osati tamasiku ano togula m'mapaketi, toti ukasinja nsinjiro zake sizimveka n'komwe m'ndiwo.

Chimfine chinalowa titangomaliza kukumba nshawazo. M'nyumba mwathu chinagwira awiri, atate ndi akulu anga. Amai anawafukiza masamba a bulugama. Atate ankabuula kuti mudzi wonse umve. Akulu ankangotsokomola, n'kudzuka kupita kuchitsime. Kwathu chimfine sichinali matenda ogonera. Mkazi wogona ndi chimfine ankamuti waulesi.

Chipatala cha mishoni chinali ulendo wa tsiku lonse. Aphunzitsi a pasukulu yathu anavomera kunyamula wodwala panjinga yawo, koma njinga imanyamula mmodzi. Anaima pabwalo. "Amai, dzuwa likukwera. Nditenge ndani?"

Amai anayang'ana ine. Ndinali nditafika Sitandade 4, ndiye ankandiyesa wodziwa zinthu.

"Tengani atate," ndinatero. "Akulu ndi olimba, mawa adzuka."

Akulu anamva ali pamphasa, akuyamwitsa. Anaseka. "Wanena zoona, mng'ono wanga. Madalawa akatsala atigonthetsa makutu."

"Iwe, ndikabwerako udzandiona," anatero atate. Tinawamangirira kumsana kwa aphunzitsi ndi chitenje, ngati khanda, ife tikuseka.

Tsiku lachitatu akulu sanadzuke. Kupuma kunali kwa befu, milomo itada. Mwana akayamwa ankangolira, bere linalibe kanthu. Aphunzitsi anali atabwerako, koma nawonso akunjenjemera, osatha kupalasa. Tinamanga machira ndi nsungwi ndi bulangete, tinawanyamula akazi anayi. Tisanafike pamsewu waukulu amai anawagwira pachifuwa, anati, "Tsitsani." Akulu anali atatisiya. Tinabwerera nawo njira yomweyo.

Uthenga sunapite kuchipatala. Womutuma anali ndani, mudzi wonse uli chigonere? Atate anabwerako patapita masabata awiri, akuyenda okha, atanyamula kasopo ka mdzukulu wawo. Pofika pafupi ndi nkhokwe anaona mitu yathu yometa, poti kwathu maliro akatha timameta. Anaona mwana uja ali kumsana kwa ine. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

Kenako anafunsa, "Munandinyamuliranji ine?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Amai ananditsina pantchafu. "Tinagwirizana tonse, abambo," anatero.

Atate anakhala zaka zambiri, mpaka kuona mwana uja akukwatiwa. Anamwalira osadziwa kuti amene anasankha ndine.