Foni ya Amayi ya Pazenera

Ntchito yanga yoyamba ku Blantyre inali pa kampani ina yaing'ono yopanga pulogalamu yolipirira zinthu pa foni. Akuba anali atapeza njira: pa kompyuta imodzi ankatsegula mafoni abodza ambirimbiri, ongooneka pa sikirini, n'kumalowa nawo ngati anthu osiyanasiyana. Abwana anandipatsa ine ntchito yoti pulogalamu yathu izizindikira mafoni oterewa n'kuwakana.

Ndinaganiza kuti foni yeniyeni imakhala m'manja mwa munthu. Imapendekeka, imagwedezeka m'thumba, batire yake imatsika. Yabodza imangokhala duu, batire yodzaza tsiku lonse. Ndinauza pulogalamu kuti iziyang'ana zimenezo, ndipo akuba ambiri anakodwa. Ndinayamba kuyenda monyada mu ofesi.

Patatha milungu iwiri amayi anandiimbira. Iwo anathyola tiyi pa esiteti zaka zambiri, koma apa n'kuti atapuma, akukhala kumudzi kufupi ndi Masambanjati. Pulogalamuyo ndinawaikira ndekha kuti azigulira mayunitsi osatsetsereka phiri.

"Chinthu chako chija chikuti foni yanga si foni," anatero. "Nanga ndikuyankhula nawe pa chiyani?"

Loweruka ndinakwera minibasi, kenako kabaza, kudutsa m'minda ya tiyi muli chifunga. Foni ndinaipeza pazenera, itaimikidwa m'kapu yakale, chingwe chake chitapita ku sola. Batire inali itafufuma kalekale, moti ukangochotsa chingwe imazima. Netiweki nayo inkagwira pazenera pomwepo basi. Amayi ankayankhula ataiweramira, osaikhudza.

"Simuinyamulako, amayi?"

"Ndiinyamule ipite kuti? Pamenepo mpamene imamva."

Ndinakhala pakhonde n'kuwafotokozera zonse, iwo akusenda chinangwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye iwe unkayesa aliyense amayenda ndi foni m'thumba ngati inu a m'tauni?" Anapukuta manja. "Tiye."

Ananditengera ku nyumba zitatu za anzawo othyola nawo tiyi kale. Paliponse ankanena m'Chilomwe kuti mwana wawo wabwera kudzaona mafoni. Foni ina inali pamwamba pa kabati, ina itamangiriridwa ku msomali wa pakhoma. Mafoni onsewa pulogalamu yanga inkawakana. Azimayiwo sanakwiye, wina anandipatsa mpando, wina anandifunsa ngati ndinakwatira.

Lolemba ndinauza abwana mwamanyazi. Anangoti tikonze. Tinawonjeza zina zoyang'ana, monga ngati muli simu khadi yeniyeni ndiponso ngati foni imatentha masana n'kuzizira m'mawa. Zinatenga mwezi, ndipo nthawi iliyonse tikasintha kanthu ndinkaimbira amayi kuti ayese.

Tsiku limene pulogalamu inalola foni yawo, amayi anatumiza nthochi pa minibasi ya ku Limbe, mikoko iwiri. Anati umodzi ndi wanga, winawo ndi wa abwana anga chifukwa sanandikalipire.