Jombo za Bambo Pakhomo la Kalasi

Lero mphepo yabweretsa fungo la nzimbe zopsa, ndipo landibweza m'kalasi ina ku Chikwawa. Tsiku limenelo kuesiteti ya shuga ankatentha minda ya nzimbe kuti ayambe kudula. Phulusa lakuda linkalowa pazenera n'kumatera pamakope athu.

Aphunzitsi a Chingerezi ankatiphunzitsa za "who" ndi "which", poyenera kuika mipatuliro ndi posayenera. Anandiitanira kubolodi kuti ndilembe chiganizo chonena za munthu wakwathu. Ndinayamba kulemba za bambo anga, amene ankadula nzimbe.

Ndisanamalize, kalasi yonse inacheuka. Pakhomo panali pataima amalume, atavula chipewa, malaya ali bii. M'manja anali atanyamula jombo za bambo. Ndinazizindikira ndi chigamba chimene ndinawathandiza kumata. Imodzi inali itasungunuka kutsogolo.

Aphunzitsi anatuluka, ananong'onezana ndi amalumewo, kenako anabwerera akuyang'ana pansi.

"Mwanawe, tenga mabuku ako."

"Ndimalize kaye chiganizochi, aphunzitsi?"

Anandichotsa choko m'manja mofatsa, iwo amene sankachedwa kukwapula.

"Tenga onse," anatero.

Phulusa linkagwabe.