Mayi wosamva amene sankajomba misa

Nditakwatiwa, mwamuna wanga ananditenga kwathu ku Golomoti n'kupita nane kwawo kufupi ndi Mua. Apa n'kuti patangopita zaka zochepa chiyambire matipate. Poti ndinkakonda kuimba, sindinachedwe kulowa kwaya. Oimbafe tinkakhala kutsogolo cham'mbali, moti anthu onse m'tchalitchi tinkawaona bwinobwino.

Panali mayi wina wamtali, wamkulupo kwa ine, amene sankajomba misa. Ansembe akamalalikira ankawayang'ana pakamwa osaphethira. Ife tikamaimba ankagwedeza mapewa, koma kukamwa kuli chete. Nditafunsa apongozi anga, anati, "Ameneyo samva, anabadwa choncho. Anaphunzira kusukulu ya ana osamva ija. Amakhala ndi mng'ono wake kutsidya kwa mtsinje."

Nkhaniyi inandikhala pamtima. Kwa ine kupemphera kunali mawu basi: kuimba, kuyankha ansembe, kumva ulaliki. Nanga munthu woti chibadwire sanamvepo nyimbo ankadzatani Lamulungu lililonse, ndi dzuwa lakuno lija? Akagwada, mumtima mwake munkachitika zotani?

Mpata wofunsa unapezeka kudimba. M'chilimwe apongozi anandigawira kachigawo ka dimba lawo, ndipo loyandikana nalo linali la mayiyo ndi mng'ono wake. Tinkatunga pachitsime chimodzi. Poyamba tinkangomwetulirana, kenako anayamba kundiphunzitsa kulankhula ndi manja: madzi, mpiru, mbuzi. Chizindikiro cha mbuzi ndinachigwira msanga chifukwa zinkatisowetsa mtendere.

Tsiku lina titatha kuthirira, tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango. Ndinalimba mtima n'kuuza mng'ono wakeyo kuti, "Achemwali, tandifunsireni akulu anuwa. Akamapemphera amatani?"

Mayiyo atauzidwa funso langa anapukuta manja pachitenje n'kuyankha, mng'onoyo akumasulira.

"Akuti amapemphera ndi manja. Pagulu amachita manyazi, ndiye manjawo amangowayendetsa mumtima. Akuti amamuuza Mulungu chilichonse, ngakhale za mbuzi zomwe."

"Nanga Mulunguyo amawayankha bwanji poti samva?"

Mng'onoyo anayamba wazengereza, komabe anafunsa. Mayi uja anatong'ola maso n'kundigwira mkono. Manja ake anathamanga kwambiri, mwakuti womasulirayo anachita kumuuza kuti abwereze.

"Akuti inuyo amene muli ndi makutu, kodi Mulungu amakuyankhani ndi mawu? Mawu akewo ndi otani, aakulu ngati a bambo kapena aang'ono? Akuti akhala akufuna kufunsa zimenezi kuyambira ali kusukulu, koma ankaopa kusekedwa."

Sankandinyoza ayi, ankafunadi kudziwa. Moyo wake wonse ankakhulupirira kuti ife akumva timamumva Mulungu akulankhula m'tchalitchimo, ndipo n'chifukwa chake ena amatsinzina, ena n'kumagwetsa misozi.

Ndinamuuza zoona, kuti sindinamumvepo.

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

"Nanga ansembe?"

"Kaya, sindinawafunsepo."

Mayiyo anadzimenya pantchafu n'kuphulika kuseka. Mng'ono wake sanaseke. Anati, "Akuti zaka zonsezi ankadziona ngati mwana wosiyidwa pakhonde anzake akucheza ndi bambo m'nyumba."

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Lamulungu lotsatira, misa itangotha, mayiyo anandikoka dzanja, kwinaku akukoka mng'ono wake, mpaka pamene panaima ansembe akupatsa anthu moni. Ndinachita manyazi, koma sanandisiye mpaka funso linafunsidwa.

Ansembewo anali achinyamata. Anakanda kumutu n'kuyang'ana pansi.

"Ndi makutuwa ayi, mayi," anatero. "Kawirikawiri ndimazindikira mochedwa, zinthu zitachitika kale, kuti uja anali Iyeyo."

Mayiyo anagwedeza mutu movomera, koma ndinaona kuti sanakhutire. Tili m'njira anati afunsanso ena. Anafunsadi. Anafunsa mlamu wake wa mpingo wina, yemwe anayankha kuti anamumvapo kumaloto. Mayiyo anati zimenezo n'zosadabwitsa, kumaloto nayenso amacheza ndi malemu mayi ake bwinobwino.

Panali bambo wina wachisilamu wa ku Mtakataka amene ankabwera panjinga kudzagulitsa usipa. Ameneyunso sanapulumuke. Tinamuimitsa pamsewu wopita kudimba, dengu lili kumbuyo. Atamva funsolo anatsika panjinga n'kuiyedzamitsa pamtengo.

"Wallahi, mayi, ine ndimaswali tsiku lililonse, koma mawu sindinawamvepo," anatero. "Komatu usiku wina mwera unatigubuduza panyanja, ine wosatha kusambira bwino. Amene ananditulutsa m'madzimo mpaka lero sindimudziwa. Anzanga onse akuti si iwo."

Mayiyo anamufunsa mafunso ambirimbiri mpaka ntchentche zinayamba kuunjirira dengu, mwini wake n'kupepesa kuti apitirire.

Tinakhala moyandikana madimba zaka zingapo, kufikira pamene mng'ono wake anasamukira ku Salima n'kumutenga. Pofika nthawiyo ndinkatha kucheza naye popanda womasulira. Funso lija sanalisiye. Akamva kuti wina wachira mosayembekezeka, kapena wapulumuka pangozi ya minibasi, ankapita kukamufunsa yekha kuti zinayenda bwanji.

Nanenso matenda ofunsawo anandipatsira. Mpaka pano ndikakhala pamzere kuchipatala kapena pamaliro, ndimapezeka ndafunsa amene ndayandikana naye ngati Mulungu anamuyankhapo, ndipo anamuyankha motani. Ena amandiyang'ana modabwa n'kusuntha pang'ono. Koma ambiri amayamba aseka, kenako n'kutsitsa mawu, n'kuyamba kufotokoza.