A Chikopa amangofuna wowaperekeza

Lolemba m'mawa ndili pa tramu, kasitima ka mumsewu ka ku Croydon, foni inalira. Unali uthenga wa pa gulu lathu la Amalawi a kumpingo, lija timatumiziranapo mavesi ndi zithunzi za maukwati. Olemba anali a Chikopa a ku Barking. Dzina ndasintha, koma ena mwa inu mwawadziwa kale.

A Chikopa anayendetsa basi zaka zambiri mumzinda uno wa London. Mowa unawalanda laisensi, kenako ntchito, kenako mayi akunyumba anatenga ana n'kusamuka. Ayesa mapiritsi, ayesa misonkhano ya anthu ofuna kusiya mowa, asala kudya, agwada mpaka mawondo kuwawa. Dokotala wawo anawauza mosabisa kuti chiwindi chatopa, sichipiriranso nthawi yaitali.

Uthengawo unali wotere: "Abale, andisankha ku trial ya chipatala china konkuno ku London. Akuyesa mankhwala ochokera ku bowa wina wake, akuti mwina angathandize munthu kusiya mowa. Koma tsiku lomwa mankhwalawo, Lachiwiri la sabata yamawa, salola kuti ndibwerere ndekha kunyumba. Ndipereke dzina la wondiperekeza pofika Lachisanu, apo ayi malo anga apatsa wina. Please, ndani angandithandize?"

Gulu lonse linawerenga, foni imaonetsa. Koma kunali zii.

Cha kumasana mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi, anayankha: "Achimwene, amenewo ndi ma drugs. Ndi bowa uja amadya anyamata m'mapaki. Mukufuna kutulutsa chiwanda n'kulowetsa china? Ife tikupemphererani." Pansi pake panatsatira timanja topemphera, tambirimbiri, ngati tagwa ndi mvula.

Zinandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero mtima sunatsike.

Ndine namwino wa odwala maganizo, ndiye ndinene zimene ndikudziwa. Bowa ameneyu ndi woletsedwa muno, ndipo si wamasewera. Amasintha mmene munthu akuonera ndi kumvera zinthu kwa maola angapo. Madokotala akufufuza ngati, munthu atamwa mlingo woyezedwa ali m'chipinda ndi alangizi, angamasuke ku mowa kapena ku chisoni chija chimakana mapiritsi. Yankho lomaliza kulibe. Ena akuti athandizika, ena ayi, ndipo kwa anthu a matenda ena ndi woopsa, n'chifukwa chake amayamba apima munthu bwinobwino. Wina asawerenge izi n'kuyamba kukazula bowa mupaki ya ku Greenwich. Mudzandipeza kuwodi, ndipo sindidzakusekererani.

Koma kodi a Chikopa anatipempha kuti tivomereze mankhwalawo? Anatifunsa maganizo athu pa za bowa? Iwo anapempha munthu wokhala nawo pambali pa sitima ya njanji ya District masana amodzi, kuti asatsike pa siteshoni yolakwika. Basi.

Chikundiwawa n'chakuti pa nkhani yoperekeza, ife palibe angatipose. Wina akamapita kumudzi timadzaza magalimoto atatu mpaka kubwalo la ndege, aliyense ndi kaphukusi kake. Mkwatibwi timamuperekeza mpaka anthu a m'nyumba zoyandikana kudandaula za phokoso. Maliro ndiye musanene. Timasinthanitsa mashifiti, timavala zakuda, timayimba mpaka mawu kutha, kuperekeza bokosi kuti likakwere ndege. Munthu wamoyo akuti ndiperekezeni kuchipatala, tonse mwadzidzidzi tatanganidwa.

Ndipo tisanamizane kuti timaopa mankhwala osadziwika. Ndi angati mwa ife anabwera ndi kabotolo ka ufa wakuda m'sutikesi, kopanda dzina, kopanda mlingo, kamene azakhali anati kamachiza shuga ndi nsana womwe? Tinamwa osafunsa. Lero mankhwala oyezedwa, dokotala ali pompo, ndiye tasanduka akatswiri a zoopsa.

Vuto lathu si bowa. Vuto ndi manyazi. Matenda a mowa ndi a maganizo timawabisa ngati mbale yosweka alendo akubwera. Timati "akwawo anamulodza," kapena "sapemphera mokwanira," chifukwa mawu amenewo satituma ntchito iliyonse. Ndipo a Chikopa akamwalira tidzaima kutsogolo n'kunena kuti adwala kanthawi kochepa, tonse tikudziwa kuti adwala zaka khumi ife tikuonerera.

Pemphero sindikulinyoza, inenso ndimagwada. Koma ndani anatiuza kuti munthu sangapemphere atakhala pa benchi ya kuchipatala akudikira m'bale wake?

Tsopano ndidzinenere ndekha, poti ndalalata mokwanira. Inenso sindinayankhe Lolemba lija. Ndinati ndione kaye mashifiti, koma bodza, Lachiwiri limene akupitalo ndili pa holide. Ndinkaopa pakamwa pa mayi Nachisale. Ndinkaopa kumva kuti namwino uja ndi amene akutengera anthu ku ma drugs. Ndinakhala chete masiku atatu, ine wodziwa bwino kuposa onse pagulupo.

Lachinayi manyazi atandikwana ndinawaimbira.

"Achimwene, pepani ndachedwa. Lembani dzina langa, ndikuperekezani."

"Aa, sisitala, zikomo kwambiri," anatero a Chikopa, mawu ali phee, opanda mkwiyo. "Koma musavutike, ndapeza kale munthu. Fomu ndapereka dzulo."

"Ndani? Wa kumpingo?"

Anaseka pang'ono. "Ayi. Ndi bambo uja wa ku Sri Lanka, wa shopu ya pakona pomwe ndimagula mowa. Anandiona ndili down, n'kundifunsa chavuta n'chiyani. Nditamuuza, wati atseka shopu masana onse. Akuti watopa kundigulitsa."

Ndinangoti zikomo, osadziwa kuti ndikuthokoza ndani.

Kaya mankhwalawo agwira ntchito kaya ayi, sindikudziwa, ngakhale madokotalawo sakudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachiwiri a Chikopa adzatuluka m'chipatala miyendo ili lendelende, ndipo mkono umene adzagwire ndi wa munthu amene adzataye kasitomala iwo akachira. Nanga ife amene timawatchula kuti achimwene, tikudikira kudzawaperekeza ulendo uti?