Monitala wa Kumwetulira

Mbiri ya maphunziro m'dziko muno ikadzalembedwa ndi anthu oopa Mulungu, dzina langa lidzakhala patsamba loyamba, nduna ndi maprofesa pansi panga. Ndine munthu amene anakonza sukulu yathunthu ndi bolopeni imodzi. Ndikunena izi modzichepetsa, monga munthu amene anatuluka m'koleji chaka chachiwiri kudzera pageti lomwe analowera, ndipo lero amakonza mafoni pakhonde la shopu ya eni ake ku Chilomoni. Ndivomerenso kuti sukuluyo ndinaikonza mwangozi. Cholinga changa chinali kuneneza munthu.

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 5. Sukulu yathu inali pamtunda, moti ukamafika pageti m'mawa mimba inali itaiwala kale kuti kunyumba unamwa tiyi. Mphepo ya mvula yoyamba inasasula theka la denga la kalasi yathu, malata n'kukatera m'dimba la bambo ena amene mpaka lero akuti sanawaone, ngakhale khola lawo la nkhuku linayamba kunyezimira sabata yomweyo. Kuyambira pamenepo kalasi inali ndi mitundu iwiri ya anthu, a kumthunzi ndi a kudzuwa. Mvula ikagwa tonse tinkasanduka a kumthunzi, ana oposa zana, titapanikizana pakona ngati matemba m'thumba, fungo la mayunifomu onyowa ndi makoko a mango lili thoo.

Aphunzitsi athu anali Mayi Nasiyaya, ife tinkangoti Madamu. Anali aafupi, koma mawu awo ankafika kumsika. Analibe tebulo, analibe mpando. Ankachonga makope pamiyendo atakhala pachidebe chovundikira chimene ankachoka nacho kunyumba kwawo. Choko chimodzi ankachithyola patatu n'kusunga m'kachitini. Bolodi likayera, Lachisanu tinkalipaka makala a m'mabatire akutha posisita ndi masamba a mbatata, manja n'kuda mpaka Lamulungu. Madamu ndi amene anatulukira chinsinsi changa chachikulu: ndinafika Sitandade 5 ndisakudziwa kuwerenga bwinobwino. Ndinkangoloweza zimene anzanga anena, kwinaku chala chikuyenda pabuku mwaulemu. Sanandiyalutse. Pa buleki ankandikhazika pambali pa chidebe chija, iwo akuchonga, ine ndikulimbana ndi zilembo.

Tsono ahedi athu, a Makwinja, anapita kumsonkhano wa masiku atatu. Anabwerako ndi tisheti yatsopano, chikwama, ndi uthenga. Pa asembule anatiuza kuti mavuto onse amakhala m'mutu. Kuyambira tsiku limenelo iwo ankafuula kuti, "Pasukulu pano pali vuto?" Ife n'kuyankha, "Palibe vutooo!" Anagula penti n'kulembetsa pakhoma la kalasi yathu yopanda dengayo kuti KUMWETULIRA N'KWAULERE. Mvula inafufuta mawu oyambawo, pakhoma n'kutsala N'KWAULERE yekha, ndipo amayi ena odutsa anabwera kudzafunsa kuti akugawa chiyani.

Ndikaganiza lero, a Makwinja sanali munthu woipa. Anali atalemba makalata kumaofesi mpaka kutopa. Kumwetulira ndi chinthu chokhacho chimene akanatha kulamula popanda chidindo cha munthu wina.

Kalasi iliyonse inali kale ndi monitala wolemba maina a olongolola. Ahedi anawonjezera udindo wina: monitala wa kumwetulira, wolemba aliyense wokwinya nkhope. Chilango chake, kutchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi, ukumwetulira. M'kalasi mwathu anasankha ine, ndipo sikuti chifukwa cha nzeru. Mano anga akutsogolo anakula mofulumira kuposa milomo, moti ndinkaoneka wosangalala ngakhale pamaliro. Anandipatsa kope ndi bolopeni. Ntchito ndinaigwira ngati wapolisi woyamba kumene: dzina, tsiku, ndi chifukwa chake. Za chifukwazo palibe anandituma. Ndinangoona kuti mlandu wopanda umboni ndi miseche.

Tsiku lina ndikukapereka kope ku ofesi, ndinapeza chitseko chili chotsegula pang'ono, Madamu ali m'kati.

"Ahedi, sindikupempha galimoto," anatero. "Denga, tebulo, ndi mphunzitsi wina tigawane anawa. Pakhosi panga pakutha."

"Mayi Nasiyaya, mphunzitsi ndi kandulo. Amasungunuka kuti ena aone."

"Kandulo pamvula, ahedi?"

"Mtima umenewo ndi umene ukutibweza m'mbuyo. Sabata yamawa kukubwera alangizi. Mukapitiriza kudandaula, ndidzalemba kuti mulibe mtima wa ntchito. Kuli sukulu zakutali zikusowa anthu."

"Mukadzatero ndidzangosiya. Kaunjika ku Limbe safuna kukuwa tsiku lonse."

Mwana wanzeru akanamva kuti watsala pang'ono kutaya mphunzitsi yekhayo amene ankamuphunzitsa kuwerenga. Ine ndinamva kuti m'kalasi mwathu muli chigawenga chachikulu chimene ndakhala ndikuchilekerera. Lamulo silisankha. Ndinatsegula tsamba latsopano, pamwamba n'kulemba kuti MADAMU.

Lolemba lotsatira Madamu anabwera opanda mawu. Ankatsegula pakamwa, n'kutuluka kamphepo chabe ngati tayala la njinga lobooka. Anaphunzitsabe, akunong'oneza mtsikana wa kutsogolo, mtsikanayo n'kumafuulira ife tonse, ndipo masamu ankafika kumbuyo atasintha manambala. Ahedi atasuzumira anangoti, "Mawu apita, koma mano alipo. Tiyeni nazo!"

Alendo anabwera Lachisanu. Tinali titasesa mpaka nyerere kusamuka, miyala ya m'mbali mwa njira titaipaka laimu. Panali alangizi oyendera sukulu za m'dera lathu, mayi aatali ovala magalasi, ndi a Chikopa, kalipentala wa pafupi ndi siteji ya minibasi, amene anali wapampando wa komiti ya makolo. Kunja kunali kowala bwino, choncho ahedi analoza kumwamba n'kufotokoza kuti kalasi ino ili ndi mwayi wa mpweya wabwino.

"Sitandade 5, pali vuto?"

"Palibe vutooo!"

Madamu anaima pakona akumwetulira ngati munthu amene wavumata mbatata yotentha pamaso pa apongozi. Alangizi atawafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, ahedi anawayankhira kuti ikuyenda bwino zedi. Zikanathera pomwepo, alendo akanamwa fanta n'kumapita. Koma ahedi anafuna kuonetsa chipatso cha msonkhano uja. Anandiitana kutsogolo n'kunena kuti mnyamata uyu ndiye mlonda wa chimwemwe, ndipo sabata ino, mwa ana onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe walembedwa.

"Zoona, mwana wanga?" anafunsa alangizi.

"Ana palibe," ndinayankha nditaimika chifuwa. "Koma wamkulu alipo mmodzi."

"Tawerenga timve."

Ndinatsegula tsamba lija ndi kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, monga mmene mwini dzinalo anandiphunzitsira.

"Madamu. Lachinayi lapitalo, sanamwetulire chifukwa makope athu ananyowa ndipo inki inayenda. Lachisanu, anakwinya nkhope podzuka pachidebe, anagwira msana. Lolemba, sanamwetulire chifukwa mawu anathawa. Lachiwiri, sanamwetulire chifukwa choko chinatha masamu ali pakati. Lachitatu, analira pang'ono kuseri kwa kalasi. Anati ndi fumbi la choko. Koma choko chinatha Lachiwiri."

Ndinatseka kope, kudikira m'manja. M'manja simunaombedwe. Kunkangomveka wogulitsa makala akuitanira kumsewu. Ahedi pakamwa panali pakumwetulirabe, koma maso anali atatuluka kale panja. Madamu anayang'ana pansi. Apa m'pamene kamtima kanga kanayamba kuzindikira kuti mwina ndapereka munthu kuti asamutsidwe, ndipo pa buleki ndizikhala ndekha pambali pa chidebe chopanda mwini.

A Chikopa ndi amene anayamba kuyankhula. Anavula chipewa, n'kuyang'ana mitambo kudzera padenga.

"Ahedi, inu pamsonkhano wa makolo munatiuza kuti malata ali m'njira, palibe vuto. Ife n'kuwomba m'manja. Nanga munthu angakhome msomali poti palibe vuto? Mayi awa akhala pachidebe chaka chonse, ine ndikupala matabwa uko, mwana wanga ali m'kalasi momwe muno?"

Ahedi anatsegula pakamwa, mwina kuti atchule za kandulo zija. Kenaka anangoti phwii, mapewa n'kugwa. "Ndinalemba makalata, a Chikopa. Ndinatopa. Ndinaona ngati tikamadandaula, anthu aziti hedi ndiye wolephera."

Alangizi anatenga kope langa, n'kuliwerenganso chamumtima. Kenaka anapempha Madamu kuti, poti mawu palibe, alembe pabolodi zimene akufuna kuti ntchito itheke. Madamu anatsegula kachitini kaja n'kuwaonetsa m'kati. Munalibe kanthu. Ndiye analemba kuseri kwa kope langa, ndi bolopeni yanga: denga, tebulo, choko, mnzanga wogawana naye ana, sabata imodzi yopumitsa pakhosi. Alangizi anaika kopelo m'chikwama mwawo. Katundu wa boma anapita choncho, osandisainira n'komwe.

Sindinama kuti zonse zinakonzeka m'mawa mwake. Tebulo ndi mpando zinabwera sabata yomweyo, a Chikopa atazisenza okha kukwera mtunda uja, zikununkha utuchi. Denga linatenga mwezi, makolo atasonkha, ndipo Loweruka lina azibambo anadzaza pamwamba akukhoma ndi kunyozana za mpira. Mphunzitsi wachiwiri anafika teremu inayo. Choko chinabwera, chinatha, chinabweranso. Madamu anapuma sabata yawo, sanasamutsidwe, ndipo kaunjika wa ku Limbe anataya wamalonda wabwino. Pa asembule funso lija linafa imfa yachilengedwe. Udindo wanga unathetsedwa osandiuza, moti ndine munthu woyamba m'banja mwathu kuchotsedwa ntchito.

Mayi anga, amene ankagulitsa tomato pamsika, nkhani inawapeza ndisanafike kunyumba. Anandigwira khutu. "Iwe, munthu akuphunzitse kuwerenga, ndiye ukayambe n'kuwerenga misozi yake pagulu? Mawa ukapepese, ndipo usapite chimanjamanja." Ndinatenga ndalama yanga ya zitumbuwa ya sabata yonse n'kugula mandimu ndi jinja. Ndinawapeza Madamu pakhonde la kwawo, atakulunga mpango pakhosi. Ndinagwada, n'kuyamba chipepeso chimene ndinaloweza m'njira. Anandidula ndi dzanja, n'kundikokera pafupi kuti ndimve kunong'ona kwawo.

"Unawerenga tsamba lonse osalozera ndi chala," anatero. Ndipo anamwetulira, pomwe ndinalibe kope loti ndilembemo.

Masiku ano mawu olimbikitsa salembedwanso ndi penti. Amabwera pafoni m'mamawa, ali ndi chithunzi cha maluwa, ndipo ndimawaona ambiri pantchito yanga. Makalasi akadali odzaza. Koma Mayi Nasiyaya tsopano ndi ahedi pasukulu ina cha ku Nancholi, ndipo foni yawo ikavuta amabwera nayo kwa ine. Akuti Lolemba lililonse amakhala pansi ndi aphunzitsi awo, aliyense n'kunena chimene chikusowa, iwo n'kumalemba m'kope limene makolo amaliwerenga pamsonkhano. Zina zimapezeka, zina ayi, koma palibe amalangidwa chifukwa cha nkhope. Chaka chimene ndinasiya koleji, anthu onse ankandiuza kuti ndisadandaule, zonse zili bwino. Madamu okha ndi amene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zavuta, mwana wanga. Tsopano chikusowa n'chiyani?" Ndinati zipangizo zokonzera mafoni. Anandilozera kwa mphwawo amene anali nazo.

Choncho olemba mbiri akadzafika pa ine, asadzavutike ndi chipilala. Adzangolemba kuti kukonza maphunziro kunandidyera ntchito, khutu limodzi, ndi zitumbuwa za sabata yathunthu. Mandimu atatu ndi kachidutswa ka jinja, zonse pamodzi K20.